Annie Pootoogook: Wojambula Amene Anaonetsa Kinngait Mmene Alili

Nyumba yaikulu yosungira zaluso ya National Gallery of Canada, mumzinda wa Ottawa, imasunga chithunzi china chotalika kupitirira mamita awiri, chojambulidwa papepala ndi mapensulo amitundumitundu. Dzina lake ndi Cape Dorset Freezer, ndipo chinajambulidwa mu 2005. Pachithunzipo pali anthu a mtundu wa Inuit ali m'sitolo ya m'mudzi mwawo, atavala majasi ochindikala, akusuzumira m'firiji yaitali ya zitseko zagalasi mmene mwandandalikidwa mapaketi a zakudya zochokera kummwera. Basi. Mulibe mlenje wonyamula mkondo, mulibe chimbalangondo choyera, mulibe agalu okoka katundu pachipale.

Munthu angafunse kuti chodabwitsa n'chiyani pa anthu ogula ndiwo. Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka pafupifupi 50, ogula zojambula za a Inuit ku Toronto, Montreal ndi New York anazolowera kuona mbalame zotambasula nthenga, mizimu ya m'nyanja, alenje ndi nyumba zomangidwa ndi chipale. M'maganizo mwawo, kumpoto kwa Canada kunali kudakali monga kunalili m'nthawi ya makolo. Mayi amene anajambula firijiyo, Annie Pootoogook, anawaonetsa kuti si choncho. Sanakangane ndi aliyense. Anangojambula zimene maso ake ankaona tsiku ndi tsiku.

Mudzi wopanda mtengo

Annie anabadwa pa 11 Meyi 1969 ku Cape Dorset, mudzi umene kuyambira mu 2020 umadziwika ndi dzina limene eni ake akhala akuutchula kuyambira kale, la Kinngait. Mudziwu uli pakachilumba kakang'ono pafupi ndi gombe la kummwera chakumadzulo kwa chilumba chachikulu cha Baffin, m'chigawo cha Nunavut. Chigawochi chinakhazikitsidwa pa 1 Epulo 1999, a Inuit atakambirana ndi boma kwa zaka zambiri za ufulu wawo pa malo a makolo awo, ndipo likulu lake ndi Iqaluit. Ku Kinngait kumakhala anthu pafupifupi 1,400. Kulibe mtengo ndi umodzi womwe, kulibe munda, kulibenso msewu wopita kumudzi wina. Munthu amafikako pandege, pamene katundu wolemera amadikira sitima zapamadzi zimene zimabwera m'miyezi yochepa imene nyanja imakhala isanaundane. N'chifukwa chake mkaka, ufa ndi zipatso zimadula kwambiri kumeneko kuyerekeza ndi m'mizinda ya kummwera.

Agogo ake a Annie sanakulire m'mudzi wokhazikika chotere. Ankakhala m'misasa ya mabanja ochepa, n'kumasamuka motsata nyama ndi nyengo: mphalapala za kumeneko zotchedwa caribou, nyama za m'nyanja monga seal ndi walrus, anangumi ndi nsomba. Mu 1913 kampani ya Hudson's Bay inatsegula sitolo pamalopo, n'kuyamba kugula zikopa za nkhandwe zoyera posinthana ndi mfuti, tiyi, ufa ndi fodya. Mitengo ya zikopa itagwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, mabanja ambiri anatsala manja lende.

Zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ndiye zinatembenuza zonse. Boma la Canada linkanyengerera, ndipo nthawi zina kukakamiza, mabanja kuti asiye misasa n'kukakhala m'midzi mmene munali sukulu, kachipatala ndi apolisi. Odwala chifuwa chachikulu ankatengedwa pasitima kupita kuzipatala za kummwera, kumene ena anakhalako zaka, ena n'kufera komweko abale awo osauzidwa kumene anaikidwa. Agalu ambiri okoka katundu anaphedwa, ndipo mlenje wopanda agalu sakanathanso kuyenda mtunda wautali. Akuluakulu a boma, polephera kulemba mayina a anthuwa, anapatsa aliyense kachikwangwani kozungulira kokhala ndi nambala. Mu 2019 boma linapepesa poyera pa nkhani ya odwala chifuwa chachikulu komanso pa kusamutsidwa kwa mabanja ndi kuphedwa kwa agalu.

Annie anali wa m'badwo woyamba kubadwira m'moyo watsopanowu: nyumba zamatabwa, magetsi, sitolo, tchalitchi, ndi wailesi ya kanema imene inafika m'midzi ya kumpoto m'zaka za m'ma 1970. Moyo wa m'misasa ankaumva m'nkhani za akulu, n'kumaulawa pang'ono m'chilimwe banja likapita kukagona m'matenti. Moyo wake weniweni unali wa m'nyumba.

Mmene kudinda zithunzi kunayambira

Kuti timvetse chimene Annie anasintha, tiyenera kudziwa chimene anapeza. Mu 1951 ku Cape Dorset kunafika James Houston, wojambula wochokera ku Toronto, pamodzi ndi mkazi wake Alma. Ntchito yake inali kulimbikitsa anthu kusema ziboliboli zamwala zoti zikagulitsidwe kummwera, kuti mabanja apeze ndalama m'malo mwa zikopa. Malinga ndi mmene Houston yemweyo ankasimbira, tsiku lina mu 1957 mmisiri wosema Osuitok Ipeelee anayang'anitsitsa mapaketi awiri a ndudu n'kunena kuti munthu amene amajambula nkhope yomweyomweyo papaketi iliyonse ayenera kuti amatopa nayo ntchito yake. Houston anatenga mnyanga wa walrus umene Osuitok anagobapo zithunzi, n'kuupaka inki, n'kukanikizapo kapepala kopyapyala. Chithunzi chinatuluka papepala. Osuitok anaona kuti zimenezi iwo angazithe.

Chakumapeto kwa 1958 Houston anapita ku Japan kukaphunzira kudinda kwa katswiri Un'ichi Hiratsuka. Atabwerako, iye ndi amisiri a m'mudzimo, Kananginak Pootoogook, Iyola Kingwatsiak, Lukta Qiatsuk ndi Eegyvudluk Pootoogook, anasintha njira ya ku Japan kuti igwirizane ndi zimene anali nazo. Ku Japan amagoba pathabwa, koma ku Kinngait thabwa n'losowa, mwala ndiwo wambiri. Mmisiri amasalaza mwala, n'kukoperapo chithunzi chimene wina wajambula papepala, kenako n'kugoba malo onse osafunika mpaka mizere ya chithunzi yokha itatsala pamwamba. Amapaka inki ndi chogudubuza, n'kuyala pepala lopyapyala, n'kulitikita kumbuyo mpaka inki yonse itagwira. Kawirikawiri amadinda makope 50 okha, ndipo akatha amapala mwalawo kuti pasadzadindidwenso ena. Pakona pa kope lililonse amaikapo chidindo cha dzina la wojambula ndi la wodinda, m'zilembo za chilankhulo chawo cha Inuktitut, monga mmene amachitira a ku Japan.

Mu 1959 anthu a m'mudzimo anakhazikitsa kopaletivi yawo, West Baffin Eskimo Co-operative, ndipo kuyambira chaka chimenecho akhala akutulutsa gulu la zithunzi zodindidwa chaka ndi chaka. Houston anachoka mu 1962, n'kusiya ntchito m'manja mwa Terry Ryan, amene anafika mu 1960 n'kutumikira kopaletiviyo kwa zaka zoposa 40. Chithunzi chimene chinamveketsa dzina la mudziwu kutali ndi The Enchanted Owl, kadzidzi wa nthenga zazitali zofalikira mbali zonse, chimene anajambula mayi Kenojuak Ashevak mu 1960. Mu 1970 chinaikidwa pasitampa ya dziko la Canada.

Kachitidwe kake kanali kotere: munthu amatenga mapepala kukopaletivi, n'kukajambulira kunyumba, n'kubweretsa zojambulazo kuti amulipire. Pa zojambula zambirimbiri zimene zinkagulidwa, zochepa zokha ndizo zinkasankhidwa kuti zidindidwe. Zotsalazo zinkasungidwa m'madirowa, moti zinaunjikana zikwi makumi ambiri, ndipo lero zikusamalidwa ku McMichael Canadian Art Collection, kufupi ndi Toronto. Choncho chojambula cha pensulo chinkaonedwa ngati chiyambi chabe cha ntchito. Malonda enieni anali chithunzi chodindidwa.

Ndipo posankha zodinda, osankhawo ankaganizira wogula. Wosema ziboliboli zogulitsa alendo odzaona malo amadziwa kuti mlendo akufuna njovu ndi mayi wosenza mtsuko, osati minibasi. Ku Kinngait nakonso ankadziwa kuti wogula wa kummwera akufuna kadzidzi ndi mlenje. Sikuti panalibe oyesa zina. Pudlo Pudlat anajambula ndege, mahelikopita ndi mapolo a magetsi kalekale Annie asanayambe. Koma za m'kati mwa nyumba za lero, zabwino ndi zoipa zomwe, zinali zisanalowe m'malonda.

Gogo, mayi ndi mdzukulu

Annie anabadwira pakati pa mapepala ndi inki. Bambo ake, a Eegyvudluk Pootoogook, anali mmodzi wa odinda oyambirira aja. Mbale wa bambo akewo, a Kananginak, anali wojambula nyama wodziwika komanso mtsogoleri woyamba wa kopaletivi. Mayi ake, a Napachie Pootoogook, anajambula kwa zaka zoposa 40. Koma mzati wa banjalo pa luso anali agogo ake akuchikazi, a Pitseolak Ashoona.

A Pitseolak anabadwa cha m'ma 1904 ndipo theka la moyo wawo anakhala m'misasa. Amuna awo atamwalira ndi matenda m'zaka za m'ma 1940, anatsala ndi ana m'manja, m'dziko limene mkazi wopanda mlenje ankagona ndi njala. Atasamukira ku Cape Dorset anayamba ndi kusoka zovala zogulitsa, kenako anayesa kujambula, ngakhale kuti anali asanaphunzitsidwe ndi aliyense. Houston anawalimbikitsa kujambula moyo wakale, ndipo iwo anachitadi zimenezo mpaka imfa yawo mu 1983, n'kusiya zojambula zoposa 7,000: amayi akusoka mabwato azikopa, mabanja ali paulendo, ana akusewera, mbalame. Mu 1971 nkhani ya moyo wawo inatuluka m'buku la Pitseolak: Pictures Out of My Life, lokonzedwa kuchokera pa zimene anasimbira Dorothy Harley Eber, ndipo mu 1977 analandira ulemu wa Order of Canada.

Annie anali ndi zaka 14 pamene agogo akewo ankamwalira. Anali atawaona akujambula ali pabedi, thupi litafooka, magalasi a felemu yakuda ali pamphuno. Atakula anajambula chikumbutso chimenechi mu Pitseolak Drawing with Two Girls on the Bed, cha mu 2006, ndipo magalasi akuda aja anawajambula kangapo ali okha papepala, opanda nkhope.

A Napachie anatsata njira ya mayi awo kwa nthawi yaitali, koma chakumapeto kwa moyo wawo anatulutsa zimene ena ankabisa. Ndi inki yakuda anajambula nkhani za atsikana okwatiwa mokakamizidwa, amayi omenyedwa, njala ndi imfa za m'misasa, n'kumalemba mawu ofotokozera m'munsi mwa chithunzi. Anaonetsa kuti moyo wakale sunali kuvina ndi kusaka kokha. Anamwalira mu 2002, patapita zaka ziwiri amuna awo atamwalira.

Ambiri amanena za Annie ngati munthu amene anaphwanya mwambo wa kwawo. Koma tikaika ntchito za amayi atatuwa pamodzi, monga mmene chinachitira chionetsero cha Akunnittinni ku United States, timaona kuti make mbuu, mwana mbuu. Aliyense wa iwo anajambula moyo umene anaudziwa. Gogo ankadziwa msasa ndi nyale yamwala ya mafuta a nyama. Mayi ankadziwa msasa ndi mudzi womwe, pamodzi ndi zowawa zake. Mdzukulu ankadziwa nyumba yamatabwa, sitolo ndi kanema. Chimene chinasintha si mwambo wojambula, koma moyo wojambulidwawo.

Zimene Annie anajambula

Annie anayamba kujambula mu 1997, ali ndi zaka 28. Zida zake zinali zosavuta: pensulo, cholembera cha inki chojambulira mizere, ndi mapensulo amitundu odzazira mkati. Ankajambula kuchokera m'mutu, ndipo ankanena kuti sangajambule zimene iye mwini sanazione kapena kudutsamo.

Ambiri mwa malo ake ndi zipinda. Khoma limakhala la mtundu umodzi wosalala, pansi pamizeremizere, ndipo chilichonse chili pamalo pake: wotchi yapakhoma ikuonetsa nthawi, makiyi ali pamsomali, soketi ya magetsi, kalendala, kamtanda, wailesi. Zinthu zimene wojambula wina akanazisiya poti n'zopanda pake, Annie ankazisamala mofanana ndi nkhope za anthu. Mu Eating Seal at Home, cha mu 2001, banja lakhala pansi mozungulira nyama yaiwisi ya seal, likudya monga mmene makolo ankadyera, koma m'chipinda cha nyumba yamakono. Mu Dr. Phil, cha mu 2006, mwana wagona pansi maso ali pakanema, akuonera mlangizi wa ku America akukamba za mavuto a m'mabanja. Chinanso chikuonetsa makatuni a The Simpsons ali pakanema m'nyumba ya ku Kinngait. Anajambulanso banja likuphika m'tenti papulayimasi, anthu akugawana nyama ya nangumi pagombe, ngakhalenso kamisolo kofiira kali kokha pakati pa pepala.

Palibe paliponse pamene Annie amaseka anthu ake chifukwa choonera kanema, kapena kuwalirira chifukwa chotaya zakale. Mpeni wopindika wa amayi, wotchedwa ulu, umakhala pafupi ndi botolo la sosi wa m'sitolo, ndipo zonse ziwiri ndi za m'nyumba imodzi. Kwa iye funso lakuti chachikhalidwe n'chiti, chachilendo n'chiti, silinkabuka n'komwe. Zonse zinali za anthu a kwawo, chifukwa ndi zimene ankagwiritsa ntchito.

Ndi dzanja lomwelo losanjenjemera anajambula zowawa. Memory of My Life: Breaking Bottles, cha mu 2001 ndi 2002, chikuonetsa mayi ali kuseri kwa nyumba akuphwanya mabotolo a mowa pamiyala, atatopa ndi kuledzera kwa abale ake. Man Abusing His Partner, cha mu 2002, chikuonetsa mwamuna atatukula thabwa pa mkazi amene akukuwa pabedi, ndipo chinachokera pa nkhanza zimene Annie mwini anakumana nazo. Anajambulanso apolisi akumanga munthu, komanso chisoni cha mabanja oferedwa ndi achinyamata odzipha. Chimene chimabaya mtima m'zithunzi zimenezi n'chakuti sizikuwa. Mitundu yake ndi yowala ngati ya m'zithunzi zina zonse, khoma ndi lomwelija, mipando ndi yomweija. Woonera amazindikira yekha kuti nkhanza sizichitikira kudziko lina lamdima, koma m'chipinda chomwecho chimene dzulo anthu amamweramo tiyi.

Ambiri ankakayikira ngati zithunzi zotere zingagulidwe. Kopaletivi inkamulipira n'kumazisunga. Amene anaziona ndi diso lina anali Patricia Feheley, mwini nyumba yogulitsira zaluso ya Feheley Fine Arts ku Toronto. Iye anaika zojambula za Annie pachionetsero cha anthu angapo mu 2001, ndipo mu 2003 anamukonzera chionetsero chakechake choyamba. Chimene chinapachikidwa pakhoma sichinali makope odindidwa ayi, koma mapepala enieniwo amene Annie anagwira ndi manja ake.

Zaka ziwiri za ulemerero

Chaka cha 2006 chinamutukula mwadzidzidzi. Nyumba ya The Power Plant ku Toronto, imene imaonetsa zaluso zamakono za m'mayiko osiyanasiyana, inachita chionetsero chachikulu cha ntchito zake, chokonzedwa ndi Nancy Campbell. Kufunika kwa malowo n'kwakuti kufikira nthawi imeneyo, zaluso za a Inuit zinkaikidwa m'chipinda chawochawo, ngati zinthu zoonetsa chikhalidwe cha mtundu wakutali, pamene zaluso zamakono zinali za anthu ophunzira m'masukulu a zaluso a m'mizinda. Annie analowa m'chipinda chachiwirichi osasintha kajambulidwe kake.

M'chaka chomwecho anakakhala miyezi ingapo ku Dufftown, m'dziko la Scotland, pa ndondomeko ya kampani ya Glenfiddich yoitana akatswiri a zaluso. Mu Novembala, ku Montreal, analandira mphoto ya Sobey Art Award, ya madola 50,000 a ku Canada, imene panthawiyo inkaperekedwa kwa waluso wosapitirira zaka 40. Anali woyamba wa mtundu wa Inuit kuilandira. Mwambowo nawonso anaujambula: iye ataima, gulu la anthu ndi makamera zili patsogolo pake. Mu 2007 ntchito zake zinaonetsedwa ku documenta 12, chionetsero chimene chimachitika zaka zisanu zilizonse mumzinda wa Kassel ku Germany, ndipo kumenekonso anali woyamba wa mtundu wake. Mu 2009 National Museum of the American Indian inamuchitira chionetsero ku New York.

Kuchokera pamene anayamba kujambula kufika ku Kassel panangopita zaka 10.

Ku Ottawa

Kutchuka kunabwera ndi katundu wake. Pakati pa a Inuit, wopeza amagawa, kaya ndi nyama kaya ndi ndalama, ndipo ndalama za mphoto sizinakhalitse. Annie anachoka ku Kinngait n'kukakhala ku Montreal, kenako ku Ottawa, umodzi wa mizinda ya kummwera yokhala ndi a Inuit ambiri. Atachoka kwawo anatalikirana ndi abale, ndi chilankhulo chimene ankachilankhula momasuka, ndi kopaletivi imene inkamupatsa mapepala, malo ogwirira ntchito ndi malipiro odalirika. Mowa, mankhwala ozunguza bongo ndi maubwenzi ankhanza, zimene anazijambula molimba mtima zija, zinamugwira iye mwini. Mu 2012 nyuzipepala zinalemba kuti akugona m'misewu ya Ottawa ali woyembekezera, akugulitsa zojambula kwa odutsa pamtengo wa madola makumi awiri kapena atatu, pamene ntchito zake zakale zinkagulidwa madola zikwizikwi m'nyumba zogulitsira zaluso.

Pa 19 Sepitembala 2016 thupi lake linapezeka mumtsinje wa Rideau, mu Ottawa momwemo. Anali ndi zaka 47. Apolisi ananena kuti pa imfayo panali zokayikitsa. Kafukufuku ali mkati, wapolisi wina wa mumzindawo analemba pa intaneti mawu onyoza, osonyeza kuti imfa ya mayiyu si nkhani ya kuphedwa ndipo eni dziko ambiri amangokhutira ndi uchidakwa. Anthu anakwiya kwambiri. Wapolisiyo anavomera mlandu wochita zonyozetsa ntchito yake, anapepesa, n'kutsitsidwa udindo kwa miyezi itatu. Imfa ya Annie inachitika m'mwezi womwe boma linayambitsa kafukufuku wa dziko lonse wa amayi ndi atsikana a mitundu ya eni dziko amene anasowa kapena kuphedwa, yemwe lipoti lake linatuluka mu 2019. Thupi la Annie linapita kukaikidwa kwawo ku Kinngait.

Pali chiyeso chosimba moyo wake ngati kuti mathero ake ndiwo nkhani yonse, kapena kuwerenga zithunzi zake zonse ngati kulira kwa munthu wovutika. Kutero n'kumuchepetsa. Zojambula zake zambiri ndi za anthu akudya, akuseka, akusoka, akumvera wailesi, akusewera makadi. Komanso n'kulakwa kubisa mathero akewo. Dziko limene linapachika ntchito zake m'nyumba zake zolemekezeka linalephera kumupezera denga mumzinda umene ndi likulu lake, ndipo iye, amene sanabise kanthu papepala, sakanafuna kuti zimenezi zikongoletsedwe.

Njira imene anatsegula

Kusintha kumene Annie anabweretsa kumaoneka bwino ku Kinngait komweko. Ogula ndi nyumba zosungira zaluso atayamba kufuna zojambula zenizeni za pensulo, zazikulu, zonena za lero, ojambula ena anapeza mpata wotulutsa zimene kale zikanangothera m'dirowa. Itee Pootoogook anajambula nyumba, mawindo ndi anthu ali pantchito, modekha ndi mwatsatanetsatane. Tim Pitsiulak, amene anali mlenje, anajambula anangumi akuluakulu komanso maboti a injini, mfuti ndi magalimoto okumba. Jutai Toonoo anajambula nkhope zosautsika n'kumalembapo maganizo ake. Msuweni wake wa Annie, Shuvinai Ashoona, mdzukulu winanso wa a Pitseolak wobadwa mu 1961, amasakaniza misewu ya Kinngait ndi zilombo za m'maganizo mwake. Mu 2018 analandira mphoto ya Gershon Iskowitz, ndipo mu 2022 oweruza a chionetsero cha Venice Biennale ku Italy anamutchula mwapadera. Kudinda sikunathe. Kadzidzi ndi mlenje akadalipo, ndipo Ningiukulu Teevee akupitiriza kujambula nthano zakale m'njira yakeyake. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wojambula ali ndi ufulu wosankha.

Mu 2017 McMichael inachita chionetsero cha ntchito za moyo wake wonse, chotchedwa Cutting Ice. Mu 2018 ku Kinngait kunatsegulidwa Kenojuak Cultural Centre, nyumba yatsopano yojambuliramo ndi kudindiramo. Mu 2021 ku Winnipeg kunatsegulidwa Qaumajuq, nyumba yaikulu yosungira zaluso za a Inuit, ndipo pa 7 Novembala chaka chomwecho, tsiku lokumbukira a Inuit padziko lonse, paki ina m'dera la Sandy Hill ku Ottawa inapatsidwa dzina la Annie Pootoogook. Pamwambowo panali Mary Simon, mayi wa mtundu wa Inuit amene miyezi ingapo m'mbuyomo anakhala woyamba mwa eni dziko kusankhidwa kukhala bwanamkubwa wamkulu wa Canada. Mphoto ya Sobey yapitanso kwa a Inuit ena awiri, Laakkuluk Williamson Bathory mu 2021 ndi Kablusiak mu 2023, ndipo palibenso amene anadabwa.

Lero wofuna kudziwa mmene amayi a ku Baffin ankasokera bwato lachikopa kapena mmene banja linkasamukira m'nyengo yozizira amapita ku zojambula za a Pitseolak, chifukwa iwo anaziona ndipo anazijambula mosanama. Wofuna kudzadziwa mmene a Inuit ankakhalira chigawo cha Nunavut chitangobadwa, zimene ankadya, zimene ankaonera, zimene ankapachika pakhoma ndi zimene zinkawasowetsa tulo, adzapita ku zojambula za mdzukulu wawo pa chifukwa chomwecho.